Kompyuta ya pa mita: utility computing ndi ubale wake ndi web services

Mwezi watha, usiku wa Lachinayi, amayi anandiimbira foni ali kwathu ku Ulónguè. "Mwanawe, mita ija yayamba kulira. Lero tigona mumdima." Ine ndinali ku Tete, thukuta lili kamukamu ngakhale dzuwa linali litalowa kalekale. Ndinadina *150#, n'kusankha Credelec, magetsi olipiriratu aja, n'kulemba nambala ya mita yawo, ndalama, ndi nambala yanga yachinsinsi. Ndisanaike n'komwe foni pansi, uthenga unalowa uli ndi manambala 20 aja. Ndinawawerengera anayi anayi, iwo akudina pa mita, mdzukulu wawo akuwaunikira. Kenako ndinangomva, "Alowa bambo, zikomo."

M'kamphindi kameneko munachitika zinthu ziwiri zimene anthu timazisakaniza tikamakamba za makompyuta. Amayi anagula magetsi ongokwanira ndalama zimene zinalipo, chonsecho alibe damu, alibe jenereta, ndipo ku Songo, kumene kuli damu la Cahora Bassa, sanapondeko. Komanso kompyuta ya kampani ya mafoni ndi kompyuta ya EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, zinafunsana n'kuyankhana pazokha, popanda kalaliki wokhala pa tebulo usiku umenewo. Kagulidwe koyambako kakachitika pa mphamvu ya kompyuta m'malo mwa magetsi, amakatcha utility computing. Kulankhulana kwa makina kuja ndiye ntchito ya web services. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma zinadzakwatirana, ndipo zambiri zimene timachita pa foni lero ndi ana a ukwati umenewo.

Mawu akuti utility Azungu amatchulira zinthu monga madzi a m'mipopi, magetsi ndi lamya. Wina amapanga chinthucho chambiri pamalo amodzi, n'kuchifikitsa pakhomo pako, iwe n'kumalipira molingana ndi zimene wagwiritsa ntchito. Sufunsa kuti pampu ndi ya mtundu wanji kapena anaikonza liti. Umatsegula mpopi, ukadzaza chidebe n'kutseka, mita n'kusunga chiwerengero.

Magetsi nawo sanayambe chonchi. Pamene Thomas Edison ankatsegula siteshoni yake ya Pearl Street ku New York mu 1882, mafakitale ankadzipangira okha mphamvu, aliyense ndi injini yake ya nthunzi kapena gudumu lozunguzidwa ndi madzi, ndi anthu ake oiyang'anira. Zaka zitapita eni mafakitale anaona kuti kugula pa nthambo n'kotchipa kuposa kusamala injini yakoyako. Ife a ku Tete nkhani imeneyi tili nayo pakhomo: majenereta asanu a ku Cahora Bassa, iliyonse ya mamegawati 415, amapanga mamegawati 2,075 pamodzi, ndipo munthu woyatsa babu limodzi amatapako kagawo kake osadziwa n'komwe kuti ndi jenereta iti yamutumikira.

Mu 1961, pa mwambo wokumbukira zaka 100 za sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, katswiri wina dzina lake John McCarthy ananena kuti tsiku lina mphamvu ya kompyuta idzatha kugulitsidwa kwa anthu onse monga mmene lamya inkagulitsidwira, aliyense n'kumalipira zokhazo zimene wagwiritsa ntchito. Nthawi imeneyo kompyuta imodzi inkadzaza chipinda ndipo mtengo wake unali wa boma kapena kampani yaikulu basi. Choncho anapeza njira yoti anthu ambiri azigwiritsa ntchito makina amodzi nthawi imodzi, makinawo akutumikira uyu pang'ono, uyo pang'ono, mothamanga kwambiri moti aliyense ankaona ngati ali yekha. Ankaitcha time-sharing, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kunali makampani ogulitsa nthawi ya kompyuta kudzera pa nthambo za lamya. Malondawa anadzazilala makompyuta ang'onoang'ono atatchipa, makamaka IBM itatulutsa kompyuta yake ya pa tebulo mu 1981. Nthambo za lamya zinali zochedwa, ndiye aliyense anati bola yangayanga. Maganizo a McCarthy anagona zaka pafupifupi 20, kudikira intaneti yothamanga.

Ndikafuna kufotokozera anthu akumudzi chifukwa chake maganizowa anadzukanso, ndimayambira pa chigayo. Palibe banja limene limagula chigayo kuti lizigaya chimanga chodya lokha. Chingamagwire ntchito ola limodzi pa sabata, masiku ena onse chili duu, koma lamba akaduka ndi wako, sefa ikang'ambika ndi yako, dizilo ndi wako. Ndiye timasenza ndowa kupita kwa mwini chigayo, n'kulipira pa ndowa. Iye amapindula chifukwa sitipita tonse nthawi imodzi: wina m'mawa, wina masana, wina mawa, makina osakhala chabe. Ndipo pakagwa ukwati kapena maliro, pamene banja lifuna ndowa 15 tsiku limodzi m'malo mwa imodzi, silikagula makina ena. Limangolipira zambiri tsiku limenelo, sabata yotsatira n'kubwerera pa ndowa yake imodzi ija.

Makompyuta a m'maofesi ambiri ali ngati chigayo cha banja limodzi. Ndinaziona ndi maso pamene ndinkathandiza gulu lina la alimi a kachewere chakumtunda kwa Tsangano. Abwenzi ena akufuna kwabwino anawagulira kompyuta yamphamvu yoti izisunga kaundula: ndani wabweretsa matumba angati, ndani ali ndi ngongole ya feteleza, ndani walipidwa. Nthawi yokolola inkachepa mphamvu, anthu ali pamzere panja. Miyezi ina yonse inkangolira m'kachipinda, ikumeza fumbi ndi mayunitsi. Mvula yoyamba itabwera ndi mphenzi, inapsa. Theka la kaundula linapita pomwepo. Ndinaona mayi wina wachikulire atagwira kapepala kake kothimbirira, akufunsa mlembi kuti, "Nanga matumba anga asanu ndi awiri aja alembedwa kuti?" Mlembi analibe choyankha, ndipo ine mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya mayiyo mtima umandiwawa.

Utility computing ndiye chigayo cha makompyuta. Kampani imamanga nyumba zikuluzikulu, ma data centre, zodzaza ndi makompyuta masauzande otchedwa maseva, zokhala ndi zoziziritsira, majenereta odikira magetsi akazima, ndi alonda. Iwe umabwereka kagawo kudzera pa intaneti. Chimene chimatheketsa kugawanaku ndi luso lotchedwa virtualisation. Pulogalamu ina yapadera imatenga seva imodzi n'kuidula ndime, monga mmene mwini munda amadulira ndime anthu aganyu, ndipo ndime iliyonse imakhala ngati kompyuta payokha, yosaona za mnzake. IBM inayamba zimenezi m'zaka za m'ma 1960 pa makina ake akuluakulu. Kampani ya VMware, yomwe inayamba mu 1998, inazibweretsa pa makompyuta wamba, ndipo mu 2003 akatswiri a ku Cambridge anatulutsa Xen, yomwe aliyense akanatha kuitenga mwaulere. Ndime yotere imadulidwa m'mphindi zochepa, ndipo ukathana nayo malo ake amapatsidwa kwa wina.

Kenako pamabwera mita. Amawerenga nthawi imene kompyuta yobwerekayo yakhala ikuyaka, kuchuluka kwa zinthu zimene wasungitsa pa mwezi, kuchuluka kwa zimene watulutsa kupita kunja, ndiponso kangati pulogalamu yako yagogoda pakhomo pawo. Kampani ya Sun Microsystems inayesa malondawa cha mu 2005, pa mtengo wa dola imodzi pa ola. Koma amene anawakhazikitsa ndi Amazon. Mu Marichi 2006 inatsegula S3, nkhokwe yosungira mafayilo, pa masenti 15 a ku America pa gigabayiti pa mwezi. Mu Ogasiti chaka chomwecho inatsegula EC2, yobwereketsa makompyuta pa masenti 10 pa ola. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti EC2 inamangidwa makamaka ku Cape Town, ndi gulu lotsogozedwa ndi Chris Pinkham wa ku South Africa, ndipo poyamba inkayendera Xen ija. Mita yakhala ikunka ichepetsa muyeso: mu 2014 anabweretsa Lambda, pamene subwerekanso kompyuta koma umangopereka kapulogalamu kako, iwo n'kumakayendetsa pokhapokha kakafunidwa, ndipo mu 2017 EC2 inayamba kulipiritsa pa sekondi.

Mawu amene atchuka masiku ano ndi akuti cloud. Mu 2011 bungwe loona za miyezo ku America, NIST, linalemba zizindikiro zisanu za cloud, ndipo chimodzi mwa izo ndi chomwechi chakuti ntchito iziyezedwa pa mita. Ine ndimakondabe mawu akale aja a utility, chifukwa mtambo suuza munthu kanthu, pamene utility imakukumbutsa kuti kwinakwake kuli mita imene ikuzungulira.

Tsopano za web services. Tsamba la pa intaneti limene umatsegula pa foni linakonzedwera maso a munthu: zithunzi, mitundu, mabatani. Web service ilibe zonsezo, chifukwa woiwerenga si munthu koma pulogalamu ina. Ili ngati kazenera ka pa ofesi kamene kali ndi lamulo lake lodziwika: ukabwera ndi fomu yakutiyakuti yolembedwa bwino, ulandira yankho lakutilakuti. Za m'kati mwa ofesi, kaya mafayilo amawasanja bwanji, si zako. Lamulo la pa kazenerako, lonena zimene ungapemphe ndi mmene ungazipemphere, ndi limene amalitcha API.

Mapempho amenewa amayenda pa msewu womwewo umene masamba a pa intaneti amayendapo, HTTP, yomwe Tim Berners-Lee anaiyambitsa ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, cha m'ma 1990. Pulogalamu ikafuna kutenga kanthu imatumiza pempho lotchedwa GET, ikafuna kupereka kanthu katsopano imatumiza POST. Yankho limabwera ndi nambala patsogolo. 200 ndiye kuti zatheka. 404, imene ambiri tinaionapo, ndiye kuti chimene ukufunacho kulibe. 500 ndiye kuti vuto lili m'kati mwa ofesi. Pa kugula kwa Credelec kuja, tingayerekeze kuti kompyuta ina inauza inzake kuti, "Mita nambala yakuti, ndalama zakuti, zalipidwa," inayo n'kuyang'ana m'kaundula wake, n'kuwerengera mayunitsi, n'kubweza manambala 20. Makampani awiri osiyana, makina osiyana, mwinanso mapulogalamu olembedwa m'zinenero zosiyana za kompyuta, koma pa kazenera amamvana.

Kuti amvane chonchi panafunika kugwirizana kalembedwe. Mu 1998 bungwe la W3C linavomereza XML, ndipo pa iyo panamangidwa SOAP, imene inayambira ku Microsoft. SOAP ndi yamwambo, ili ngati kalata ya ku boma yokhala ndi envulopu, mutu ndi chidindo, ndipo mabanki ndi maboma ena akuigwiritsabe ntchito. Mu 2000 Roy Fielding, polemba kafukufuku wa digiri yake ya udokotala ku University of California ku Irvine, anafotokoza njira yopepuka yotchedwa REST, yongodalira zimene HTTP ili nazo kale. Iyi, pamodzi ndi kalembedwe kachidule ka JSON, ndi imene yafala. Kwa ife amene timagula mega ndi ndalama zowerengeka, kupepuka kumeneku si nkhani yaing'ono.

Nanga ziwirizi zikukumana pati? Magetsi a ku Songo sangakuthandize ngati pakhoma palibe soketi imene pulagi ya wailesi yako ingalowemo. Web service ndiyo soketi ya utility computing. Pamene S3 inkatsegulidwa mu 2006 inalibe ofesi yoti upiteko ndi fulashi. Makomo ake akuluakulu anali awiri, la REST ndi la SOAP. Kusunga fayilo linali pempho, kuitenga linali pempho. Kubwereka kompyuta ku EC2 nakonso ndi pempho: pulogalamu yako imatumiza uthenga woti ikufuna makina amodzi a mphamvu yakuti, ndipo posakhalitsa ayaka. Apa ndi pamene pagona mphamvu yonse. Popeza wopempha ndi pulogalamu, ingathe kudzionera yokha kuti anthu achuluka, n'kuitanitsa makina ena khumi, khamu likabalalika n'kuwabweza, mwini wake ali m'tulo. Pakanafunika kuimba foni kapena kulemba kalata, kubwereka kompyuta kwa ola limodzi sikukanatheka. Ndiponso popeza chilichonse chimadutsa pa kazenera kamodzi, mita amaiika pomwepo. Pempho lililonse limanyamula kiyi wosonyeza mwini wake, ndiye n'kosavuta kuwerenga kuti uyu wagogoda kangati.

Ubalewu umayendanso chobwerera. Ma web service ambiri amene mapulogalamu a m'mafoni mwathu amadalira, otumiza mauthenga, a mapu, olandira ndalama, amakhala pa makompyuta obwereka omwewa, ndipo nawonso amagulitsidwa pa mita. Koma tisazisakanize. Ungathe kuyendetsa web service pa kompyuta yakoyako ili pansi pa tebulo, ndipo pamenepo palibe utility iliyonse. Ungathenso kubwereka makina chikwi kwa usiku umodzi kuti awerengetse za nyengo, osapangapo web service. China ndi nkhani ya umwini ndi kalipiridwe, china ndi nkhani ya kalankhulidwe. Dzina lakuti Amazon Web Services ndi limene limasokoneza ambiri, chifukwa linatenga dzina la khomo n'kulipereka kwa nyumba yonse.

Kompyuta ya alimi ija itapsa tinasamutsira kaundula ku makina obwereka, ndipo ndikuikira umboni kuti zinatithandiza. Koma sindingakhale woona mtima ndikapanda kunena pamene fanizo la Credelec limathera.

Credelec umalipiriratu. Mayunitsi akatha magetsi amazima, ngongole palibe. Makompyuta obwereka ambiri amayenda ngati mita yakale ija: umagwiritsa ntchito, bilu n'kubwera pakutha pa mwezi, ndipo palibe chimene chimazima chokha. Mwezi wachiwiri ndinayatsa makina ena akulu oyesera, n'kuiwala kuwazimitsa. Anayaka masabata atatu osagwira ntchito iliyonse. Bilu inabwera m'madola, kubanki n'kuisandutsa mametikali, ndipo ndalamazo zinali za alimi. Ndinakaima pamaso pa komiti n'kuvomera kulakwa kwanga, n'kubweza pang'onopang'ono. Kuchokera tsiku limenelo, chinthu choyamba chimene ndimachita ndisanayatse kalikonse ndi kuika chenjezo loti ndalama zikafika pakutipakuti ndilandire uthenga. Makampani akuluakulu onse ali nacho chida chimenechi, koma sadzakuikira ukapanda kudziikira wekha.

Pa msonkhano womwewo atsibweni anga, amene ali m'komitiyo, anafunsa funso limene akatswiri ambiri salifunsa msanga. "Mphwanga, ku chigayo timapita ndi chimanga n'kubwerako ndi ufa. Nanga kumeneku mukuti mainawa akatsala komweko?" Ndinati inde atsibweni, akatsala komweko. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti, "Ndiye kuti si chigayo chokha chimenecho. Mwawapatsanso nkhokwe."

Ananena zoona. Magetsi ndi amodzimodzi kaya achokera ku Songo kaya ku jenereta ya dizilo, ndipo sasunga kanthu kako. Kompyuta yobwereka imasunga maina, ngongole ndi manambala a foni a anthu, m'dziko la eni, pansi pa malamulo a eni. Masoketi akenso safanana: API ya Amazon si ya Microsoft, si ya Google, ndiye pulogalamu imene yazolowera makomo a kampani imodzi imavuta kuisamutsa. Kulowetsa zinthu nthawi zambiri n'kwaulere, koma kutulutsa amalipiritsa. Ndipo onse akadalira chigayo chimodzi, lamba akaduka mudzi wonse ugona ndi njala. Pa 28 Febuluwale 2017 injiniya wa ku Amazon analakwitsa polemba lamulo limodzi, maseva ambiri a S3 ku Virginia n'kuzima, ndipo kwa maola pafupifupi anayi masamba ndi mapulogalamu osawerengeka anasokonezeka.

Palinso nkhani ya mtunda, imene kwa ife kuno ndi yaikulu. Ma data centre a makampaniwa amene tayandikana nawo ali ku South Africa: Microsoft inatsegula ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Pulogalamu ikaikidwa ku Ulaya kapena ku America, pempho lililonse liyenera kutsika kunyanja ya mchere n'kulowa m'zingwe za pansi pa madzi, monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010 zimene zinatulukira ku Maputo. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwirizi zinaduka chakugombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inafooka masiku angapo m'maiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi Malawi. Mita ingakhale yachilungamo bwanji, nthambo ikaduka palibe chimene chifika.

Ndikamadutsa pansi pa nthambo zikuluzikulu zochokera ku Songo ndimaganiza zambiri. Nthambo zimenezo zimayenda makilomita oposa 1,400 kukafika ku siteshoni ya Apollo, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ndipo gawo lalikulu la magetsi a Cahora Bassa limagulidwa ndi Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa. Ma data centre a ku Gauteng, chigawo chimene kuli mizinda iwiriyi, amamwa pa nthambo za Eskom zomwezo. Madzi a Zambezi amapita kumwera ngati magetsi, ife n'kukabwereka kompyuta kumeneko, kulipira m'madola. Dziko lathu la Mozambique linatenga ulamuliro wa damuli mu 2007. Ndimalakalaka ana amene akuphunzira za makompyuta ku Tete ndi ku Angónia atamafunsa kuti n'chifukwa chiyani nyumba zoterezi sizingamangidwe kufupi ndi kumene magetsiwo akubadwira, mwinanso kumapiri kozizira kwathu kuno, kumene zoziziritsira sizingavutike ngati kuchigwa.

Pakadali pano ku gulu lija tinachita zimene tikanatha. Tinasankha kuti kaundula akhale ku Johannesburg osati ku Ulaya. Lachisanu lililonse mlembi amakopera zonse n'kuzisunga pa disiki imene imagona kunyumba kwa msungichuma, ndipo pakutha pa mwezi amasindikiza pa pepala, atsibweni n'kusainira. Pulogalamu ya pa sikelo tinaikonzanso kuti isamadikire netiweki. Mlimi akabweretsa matumba, mlembi amalemba pa foni, foniyo n'kusunga, mlimi n'kulandira kalisiti kake ka pamanja. Madzulo mlembi amakwera kachitunda kali kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwira bwino, foni n'kuyamba kutumiza mapempho a tsiku lonse limodzilimodzi. Iye amaima pomwepo, mphepo ya ku Tsangano ikumuwomba, mpaka dzina lomaliza litaonetsa kuti lafika, kenako n'kutsika.